Kalata kwa mwana wanga: nkhuku ikatsala mumphika

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo a ana ndi adzukulu anga. Kuno tonse tili bwino. Unandifunsa zoti uzichita nayo chiyani nkhuku ikatsala, poti ukaitenthetsa mawa lake ana amaikana, ati yauma ndiponso ikumveka kafungo. Pafoni sitikanamaliza, ndiye ndati ndilembe zonse kuti uziwerenga uli kukhitchini komweko.

Gwira kaye ichi: nkhuku yotsala ndi yakupsa kale. Siifunanso kuphikidwa, imangofuna kutentha mpaka mkati. Ambiri amayamba kuitereka pamoto, kenako n'kuthiramo anyezi, tomato ndi madzi, n'kuisiya ikubwata theka la ola. Mnofu ukakhalitsa pamoto umakhwinyata n'kufinya madzi ake onse, ndipo pakudya umakhala ngati ukutafuna luzi. Uziphika zina zonse zipse kaye, nkhuku ilowe pomaliza, mphindi 5 zokha. Pafupifupi chilichonse ndalemba pansipa chikuyenda motero.

Ntchito imayamba madzulo omwewo mwadya, mbale zisanatsukidwe. Chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kapena ukakhala malo ngati Nsanje, Chikwawa ndi m'mphepete mwa nyanja, kutentha kukadutsa madigiri 32, ndi ola limodzi lokha. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga chakudya chikakhala chofunda, pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo tina timachuluka kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Pali kamodzi kotchedwa Clostridium perfringens, kamene kamakonda miphika ikuluikulu ya nyama ndi msuzi. Timbewu take sitifa ndi kuwiritsa. Timangodikira mphika uzizire pang'onopang'ono, kenako n'kudzuka. Munthu amadya masana, m'mimba n'kuyamba kupotokola usiku, iye n'kumanamizira madzi akumwa. Choncho mphika waukulu usaulowetse m'furiji wathunthu, chifukwa pakati pake pamakhalabe pofunda kwa maola ambiri.

Samba m'manja ndi sopo, utenge mbale zitatu. Nyama imachoka bwino pafupa ikadali yofunda. Ikazizira imamatirira ndipo yambiri imatsalira. M'mbale yoyamba ika nganga, nyama yoyera ya pachifuwa ija. Imeneyi ili ndi mafuta ochepa ndipo ndiyo imauma msanga, ndiye uithire masipuni atatu kapena anayi a msuzi umene munaphikira. M'mbale yachiwiri ika ya ntchafu, miyendo ndi mapiko. Ukatembenuza msana, pafupi ndi pamene ntchafu imalumikizira, upeza timinofu tiwiri tozungulira tobisala m'timaenje ta fupa. Utisunthe ndi chala chachikulu, timatuluka tathunthu, ndipo ndi tofewa kuposa nyama ina yonse, koma anthu ambiri amatitaya pamodzi ndi mafupa. Mbale yachitatu ndi ya mafupa, khosi ndi khungu. Nyama uziing'amba ndi zala motsata ulusi wake m'malo moidula ndi mpeni, chifukwa yong'amba imamwa msuzi bwino. Fupa limene wina waluma kapena kunyambita lisalowe m'mbale izi, ngakhale litakhala ndi mnofu. Chiwindi ndi nthutumba zidyedwe tsiku lomwelo.

Nkhuku yoyera ya makilogalamu 1.5 imatulutsa mnofu wokwana makapu atatu kapena anayi. Yachikuda imatulutsa wochepa, koma mafupa ake ndiwo amapereka msuzi wokoma. Kapu imene ndikunena ndi ya mamililita 250, sipuni yaikulu ndi yodyera, yaing'ono ndi ya tiyi.

Ika nyamayo m'makontena osaya okhala ndi zivundikiro, isaunjikane kupitirira masentimita 5. Ngati msuzi udakali wotentha, khazika poto m'beseni la madzi ozizira n'kumatakasa, usinthe madziwo kawiri. M'furiji iike pashelefu yapamwamba, nyama yaiwisi ikhale pansi kuti magazi asadonthere pa zakupsa. Pachitseko ayi, chifukwa m'pamene pamafunda kwambiri. Furiji yozizira bwino, ya madigiri 5 kapena kutsikirapo, imasunga nkhuku yophika masiku atatu kapena anayi, koma poti magetsi amazimazima, iwe uziwerenga masiku awiri. Magetsi akazima, furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, filiza yodzaza maola 48, yofika theka maola 24. Uwauze ana asamatsegule pofuna madzi ozizira. Ukaona kuti azima tsiku lonse, nkhuku ya m'furiji iphikidwe n'kudyedwa maola anayiwo asanathe.

Masiku amene furiji yafa, kapena uli kumudzi kwa apongozi, pamatsala njira yathu yowiritsa usiku n'kuwiritsanso m'mawa. Imathandiza, koma ili ndi malire ake. Iwiritse mu msuzi, ibwate mphindi 10, uvundikire ikadali pamoto, ndipo kuyambira pamenepo musalowenso chala kapena sipuni yolawira. Pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri mumakhala kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus. Kakagwera m'chakudya chofunda kamatulutsa poizoni amene sawonongeka ndi moto, moti ungawiritse m'mawa mpaka msuzi kuphwa, wodyayo adzasanzabe pakangopita maola ochepa. Kukangocha wiritsanso mphindi 10, idyedwe m'mawa momwemo, isaonenso usiku wachiwiri. Nkhuku yogona chonchi usapatse mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, wokalamba kapena wodwala. M'nyengo yotentha ine sindivomereza n'komwe. Kuli bwino kupakulira aneba madzulo omwewo.

Mphuno usaikhulupirire kwambiri. Nyama yonanda, yotuwa, kapena msuzi wosasa wochita thovu, zimenezo aliyense amazidziwa. Koma tizilombo todwalitsa zedi sitisintha fungo kapena kakomedwe, ndiye uziwerenga maola. Nkhuku yochokera ku ukwati kapena ku chinkhoswe, yophikidwa mbandakucha, yokhala m'mabeseni pansi pa tenti mpaka 4 koloko, kenako n'kuyenda m'jumbo pa minibasi, si yosunga. Zimene ndikulemba apa ndi za nkhuku imene ukudziwa ola limene inaphulidwa.

Tiyambe ndi mafupa, poti msuzi wake ndiwo ukometse zina zonse. Ika mafupa ndi khosi m'poto, aakuluwo uwathyole kuti za mkati zituluke. Thira madzi ozizira lita imodzi ndi theka, anyezi mmodzi wodula pakati, karoti mmodzi, ndi timagawo tiwiri ta adyo. Madzi akhale ozizira poyamba kuti zokoma zituluke pang'onopang'ono pamene akufunda. Zikayamba kuwira wengula thovu lotuwa la pamwamba, chepetsa moto kuti pazingotuluka tithovu apa ndi apo, vundikira mosatseka kwenikweni, zikhale ola limodzi ndi theka kapena maola 2. Pambaula ntchito imeneyi imayenda bwino ndi makala amene atsala ukaphula nsima, ungowonjezera ochepa. Moto waukulu umadetsa msuzi n'kuuphwetsa usanakome. Mchere usathire tsopano, chifukwa madzi akamachepa mchere umakula, ndipo nkhukuyo inali nawo kale. Sefa, upeza pafupifupi lita imodzi. Uziziritse m'beseni monga ndanenera. M'mawa ukaupeza wagwirana, ukunjenjemera m'kontena, usaope, ndiwo wabwino, ukafunda umasungunuka. Mafuta amene aundana pamwamba uwachotse ndi sipuni, ukazingire anyezi. Mafupa ophikawo usapatse galu, amasweka mosongoka n'kumubaya pakhosi kapena m'matumbo.

Khungu ukalitenthetsa mu msuzi limaterera ndipo palibe amalifuna. Lidule tating'ono, uliike m'chiwaya chouma pamoto wochepa kwa mphindi 8 mpaka 10. Limatulutsa mafuta ake lokha n'kuuma khirichi. Tizidutswato uwaze pamwamba pa masamba kapena mpunga nthawi yopakula.

Pa zonse, chimene ndimaika patsogolo ndi nkhuku yotendera, chifukwa nsinjiro zimabwezera mafuta amene nganga ilibe, ndipo makapu awiri a nyama amakwanira anthu asanu ndi nsima. Tenthetsa masipuni awiri aakulu a mafuta, kazinga anyezi mmodzi wamkulu mpaka ayambe kufiira, mphindi 5. Onjezera timagawo tiwiri ta adyo wosinja, ndi tomato atatu akupsa bwino odula tating'ono. Tomato apse mpaka asungunuke ndipo mafuta ayandame m'mbali mwa poto; akapanda kufika apo msuzi umawawasa. Pambali sungunula theka la kapu ya nsinjiro mu kapu imodzi ya msuzi wa mafupa wozizira, utakase mpaka pasakhale kabulu. Thira m'poto, onjezera theka la kapu ina ya msuzi, takasa mpaka ziwire. Chepetsa moto, zipse mphindi 15, ukutakasa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse, mthiko uzifika pansi penipeni. Udziwa kuti zapsa mtundu ukayamba kudera, fungo la mtedza waiwisi likatha, ndipo timadontho ta mafuta tikaoneka pamwamba. Pamenepo ndiye ika nkhuku, lawa mchere, ponya kambuzi mmodzi wathunthu ngati ana salola tsabola wambiri, vundikira mphindi 5, phula.

Zolakwika zake ndi izi. Nsinjiro zouma zikagwera mu msuzi wobwata zimachita mibulu, kunja kupsa mkati muli ufa. Zikaphulidwa msanga zimamveka uwisi pakamwa. Zimapserera msanga pansi, ndipo ukamva fungo la kupserera usakande. Khuthulira za pamwamba m'poto wina, zomatirirazo zitsale. Msuzi wotendera umalimba ukamazizira, ndiye uphule udakali wamadzimadzi pang'ono kuposa momwe ukufunira. Ngati ulibe nsinjiro, masipuni atatu aakulu a chiponde amagwira ntchito yomweyo, ndipo poti mtedza wake ndi wokazinga kale, mphindi 5 zimakwana. Ukamasinja wekha, sankha mtedza bwinobwino, utaye wonyala, wakuda ndi wachuku. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Zotendera zimasasa msanga kuposa ndiwo zina, ndiye phika zongokwanira chakudya chimodzi.

Nyama ikatsala yochepa, kapu imodzi kapena kuchepera, ilowe m'masamba. Kazinga anyezi ndi tomato awiri m'mafuta a khungu aja, ika mipukutu iwiri ya mpiru kapena repu, kapena theka la kabichi wodula mopyapyala, ndi theka la kapu ya msuzi. Masamba akafewa koma akadali obiriwira, mphindi 5 mpaka 7, sakaniza nyamayo itenthe. Uing'ambe ting'onoting'ono kuti mbamu iliyonse ya nsima ipeze kake. M'nyemba zakupsa imalowanso chimodzimodzi.

Pa Khirisimasi nkhuku siitsala yokha, mpunga umatsalanso, ndipo ziwirizi zimapanga mpunga wokazinga. Koma mpunga ndi wosachedwa kuwonongeka kuposa nkhuku. Uli ndi kachilombo kake, Bacillus cereus, kamene timbewu take timapulumuka pophika, ndipo poizoni wake nayenso satha ndi kutenthetsa. Mpunga wotsala uuyale pathireyi uzizire, ulowe m'furiji pasanathe ola limodzi, udyedwe mawa lake. Wogona pambaula usaukazinge. Pa makapu anayi a mpunga wozizira ufunika mazira awiri, kapu imodzi ndi theka ya nkhuku, anyezi mmodzi, karoti mmodzi wodula tating'ono kwambiri, zitheba zodzaza dzanja, ndi masipuni atatu aakulu a mafuta. Yamba wamwaza mpungawo ndi zala zonyowa kuti usagwirane. Kazinga mazira ndi sipuni imodzi ya mafuta, uwachotse akadali ofewa. Onjezera mafuta otsala, moto ukhale waukulu, kazinga anyezi, karoti ndi zitheba mphindi 4. Thira mpunga, uusiye theka la mphindi osaukhudza, kenako tembenuza, uzitero mpaka utenthe wonse. Nkhuku ndi mazira zilowe pomaliza, mphindi 3, mpaka nthunzi ituluke paliponse. Mpunga wa Kilombero ndi wofewa, ndiye ukaukazinga wotentha kapena ukadzaza chiwaya umasanduka phala. Ngati chiwaya ndi chaching'ono kazinga kawiri. Ngati mpunga sunatsale, phika watsopano makapu awiri mu msuzi wa mafupa makapu atatu ndi theka, ndipo madzi akaphwa yala nkhuku pamwamba, vundikira, itenthe ndi nthunzi mphindi 5 mpaka 8.

Samusa ndi ntchito ya Loweruka, koma palibe mwana amafunsa kuti nkhuku yake ndi ya liti. Sakaniza makapu awiri a fulawa, theka la sipuni yaing'ono ya mchere ndi masipuni awiri aakulu a mafuta. Thira madzi pang'onopang'ono, pafupifupi mamililita 160, kanda mphindi 8 mpaka mtanda ukhale wolimbirapo koma wosalala. Vundikira ndi kansalu konyowa upume theka la ola. Ukapanda kupuma umabwerera ukamaupsinja. Gawa timipira 6, kalikonse ukapsinje ndi mpukutu kapena botolo loyera mpaka kakhale kopyapyala, kotambalala ngati mbale yodyera. Kaike pachiwaya chouma chofunda masekondi 20 mbali iliyonse, kangouma pamwamba osafiira, kenako kadule pakati. Upeza zigamba 12. Uzisunge pansi pa kansalu konyowa kuti zisaume n'kumathyoka popinda.

Za mkati zake: kazinga anyezi awiri odula tating'ono ndi sipuni imodzi ya mafuta, onjezera sipuni yaing'ono ya curry, adyo ndi jinja wosinja pang'ono, ukazinge mphindi imodzi kuti uwisi wa curry uthe. Ika mbatatesi imodzi yowiritsa yodula timabokosi ndi makapu awiri a nkhuku yodula bwino, takasa mpaka madzi onse aphwe, finyira theka la ndimu. Tomato musalowe. Yala m'mbale zizizire kotheratu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: zamkati zonyowa kapena zotentha zimatulutsa nthunzi, chigamba chimafewa, ndipo samusa amaphulika m'mafuta.

Pangira zomatira posakaniza masipuni awiri a fulawa ndi atatu a madzi. Pinda chigamba chikhale ngati fanulo, mata msoko, ika masipuni awiri a zamkati osadzazitsa, tseka pamwamba, ndipo ufinye ngodya zonse zitatu. Kabowo kang'ono pangodya kamalowetsa mafuta mkati. Mafuta akhale akuya masentimita 5, otentha pafupifupi madigiri 170. Poyesa ponya kachidutswa ka mtanda: kakamira pang'ono n'kukwera pamwamba patapita masekondi ochepa kakuchita tithovu, mafuta afika. Kakatsalira pansi sanatenthe, ndipo samusa amwa mafuta. Kakada nthawi yomweyo atenthetsa, kunja kupsa mkati muli mozizira, zomwe n'zoopsa poti nyamayo ndi yotsala. Kazinga anayi kapena asanu nthawi imodzi, mphindi 4 mpaka 5, ukutembenuza. Osakazingawo ukhoza kuwayala pathireyi m'filiza, akauma gwa n'kuwaika m'pulasitiki. Tsiku lowafuna alowe m'mafuta ali oundana, pamoto wocheperako, mphindi 7 kapena 8.

Chosavuta kuposa samusa ndi tizitumbuwa ta mbatatesi. Wiritsa theka la kilogalamu ya mbatatesi ndi makoko ake kuti isamwe madzi, senda, phwanya ikadali yotentha, uisiye nthunzi ithe. Sakaniza ndi kapu imodzi ya nkhuku yodula bwino, anyezi wokazinga, dzira limodzi, masipuni awiri a fulawa ndi mchere. Umba tizitumbuwa 8 kapena 10, tokhuthala ngati chala, tikhale m'furiji theka la ola tilimbe. Tigubuduze m'nyenyeswa za buledi wouma, kazinga m'mafuta ochepa mphindi 3 kapena 4 mbali iliyonse. Titembenuze kamodzi kokha, pansi patapanga khoko. Tikamaphwasuka ndiye kuti mbatatesi inali yamadzi kapena wafulumira kutembenuza. Onjezera sipuni ina ya fulawa. Chinangwa chowiritsa chimagwira kuposa mbatatesi, ungochotsa mtsitsi wa pakati, ndipo fulawa sifunika.

Ya pabuledi ndinena mwachidule. Kapu imodzi ya nganga, theka la peyala lakupsa, sipuni ya madzi a ndimu, mchere ndi anyezi pang'ono, phwanya pamodzi. Peyala limagwira ntchito ya mayonezi ndipo ndimu imaliletsa kuda msanga. Poti iyi siibwerera pamoto, ikhale nkhuku ya dzulo lomweli imene inalowa m'furiji pa nthawi yake. Ndi yodyera pakhomo. Ngati ana atengera kusukulu, gunditsa kontena ndi botolo la madzi oundana m'chikwama, ndipo adye pa buleki yoyamba.

Nkhuku yokazinga yokhala ndi khoko, monga yogula ndi tchipisi, ili ndi njira yake. Mu uvuni ikhale pa madigiri 190 kwa mphindi 15, pawaya kuti pansi pasanyowe. Pachiwaya ika kasipuni ka mafuta, vundikira mphindi 5 pamoto wochepa kuti kutentha kufike pafupa, kenako vundukula, kweza moto, mphindi 2 mbali iliyonse khoko liumenso. Mayikulowevu imafewetsa khoko ndipo imatenthetsa mosiyasiya, pena pootcha pena pozizira. Ukaigwiritsa ntchito pa nkhuku ya msuzi, vundikira, uimitse pakati utakase, ndipo ikatha udikire mphindi 2. Njira iliyonse, mkati mufike madigiri 75. Popanda choyezera, ng'amba chidutswa chachikulu kwambiri: pakati patuluke nthunzi ndipo pakhale posagwirika ndi chala.

Kafungo kamene ana akukana kaja si kowola. Mafuta a nkhuku akakumana ndi mpweya amasintha, ndipo ayironi wa mu nyama yophika amafulumizitsa zimenezi, moti kamayamba patangotha tsiku limodzi, makamaka pa ntchafu ndi khungu. N'chifukwa chake ndati uzithira msuzi pamwamba n'kutseka kontena bwino, mpweya usafike pa nyama. Kakayamba kale, madzi a ndimu, jinja, adyo ndi curry zimakaphimba. Nkhuku ya tsiku lachiwiri ipite ku samusa kapena ku msuzi wa zokometsera, ya tsiku loyamba ndiyo yodya pabuledi. Zokometsera za m'mapaketi zili ndi mchere wambiri, ndiye ukathira zimenezo lawa kaye usanawonjezere wina.

Kamdzukulu kanga kaja kakakwana miyezi 6 n'kuyamba phala, nkhuku ndi chakudya chabwino kwa iko. Tenga ya ntchafu, imene ili ndi ayironi wochulukirapo kuposa nganga, yogona m'furiji usiku umodzi wokha. Itsuke ndi madzi owiritsa ngati munathira tsabola, ipapase ndi zala kufufuza tifupa, makamaka kafupa kowonda ngati singano kamene kamakhala pambali pa fupa la mwendo. Isinje mpaka isalale, ika sipuni imodzi kapena awiri m'phala la mgaiwa likubwata, ziwire limodzi mphindi 5. Mchere usathire mwana asanakwane chaka. Phala lotsala m'mbale yake litayidwe. Wodwala amene chakudya sichikulowa umupatse msuzi wa mafupa uja, makapu awiri, uphikiremo mbatatesi imodzi ndi karoti mpaka zifewe, nkhuku pang'ono pomaliza.

Ukaona kuti masiku awiri adzatha musanaidye, usadikire tsiku lachiwirilo; ilowe m'filiza madzulo oyamba omwewo. Gawa kapu imodzi imodzi m'timapulasitiki, thiramo masipuni awiri a msuzi, finya mpweya utuluke, papatiza kuti iundane msanga ndi kusungunuka msanga, ndipo ulembepo tsiku. M'filiza ya madigiri 18 pansi pa ziro imakoma mpaka miyezi 3. Ikapitirira imauma n'kuchita mawanga oyera. Msuzi wa mafupa usadzaze kontena, siya mpata wa zala ziwiri chifukwa madzi akaundana amafufuma. Posungunula itsitse m'furiji usiku, kapena uiponye yomwe ili youndana mu msuzi wobwata n'kuwonjezera mphindi zingapo. Pawindo kapena padzuwa ayi, chifukwa kunja kumafunda kwa maola mkati mukadali ayezi. Magetsi akazima nthawi yaitali, ya m'filiza imene idakali ndi timiyala ta ayezi ikhoza kuundananso. Yosungunuka kotheratu n'kufunda itayidwe. Ndipo nkhuku yotsala imatenthetsedwa kamodzi kokha, ndiye uzitapa yokwanira anthu amene alipo, inayo ikhale pozizira.

Upereke moni kwa bambo a ana ndi adzukulu anga onse. Ukayesa samusa undiuze ngati ngodya zagwira.

Ndine mayi ako.